Kuyamwitsa Mwana Wocheukacheuka pa Ulendo wa Pandege

Mwana akafika miyezi pafupifupi 4, amayi ambiri amaona kuti kayamwidwe kake kasintha: khanda limene kale linkati likagwira bere n'kutseka maso mpaka kukhuta limayamba kuyamwa pang'ono, kusiya, kucheukira kumene kwamveka mawu, kumwetulira munthu wodutsa, kenaka n'kubwereranso ku bere litakumbukira kuti njala ikadalipo. Khalidweli, limene azaumoyo amaliwerengera m'gulu la zizindikiro za kukula bwino osati za matenda, limavutitsa ngakhale pakhomo, pamene mayi angathe kulowa kuchipinda n'kutseka chitseko, koma limafika povuta kwenikweni m'ndege, momwe mulibe kothawira, momwe mayi wamangidwa ndi lamba pampando wopanikizika, ndiponso momwe chilichonse, kuyambira nyali, kabelu kochenjeza za malamba, mpaka nkhope za anthu achilendo, ndi chatsopano kwa mwanayo.

Nkhaniyi ikukhudza amayi a ku Malawi amene amagwira ntchito, kuphunzira, kuchita malonda kapena kukaona abale kunja, ena pa ulendo wa maola awiri ndi theka wochokera ku Lilongwe kupita ku Johannesburg, ena pa ulendo wa ku London umene umadzera ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg komweko, ndipo umadya tsiku lathunthu tikaphatikiza nthawi yodikira ndege yachiwiri. Mfundo yoyenera kutsogolera mayi wotere ndi yakuti kuyamwa koduladula kwa maola ochepa sikupweteka mwana wathanzi; chimene chili ndi nthawi yake yeniyeni m'ndege ndi kumeza, makamaka ndege ikamatsika, ndipo ngozi zambiri za pa ulendo wotere zimachokera ku njira zimene akuluakulu amathamangira pofuna kuti mwana akhale phee.

Chiyambi cha khalidweli chili m'maso, m'makutu ndi m'khosi mwa mwana. Khanda longobadwa kumene limaona bwino zinthu zimene zili pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 30 okha, womwe ndi mtunda wochokera pa bere kufika pa nkhope ya mayi wake, kotero kuti m'masabata oyambirira palibe china chopikisana ndi bere. Pofika miyezi 4 mwana amakhala atayamba kuona patali, kusiyanitsa mitundu, kutsatira ndi maso chinthu choyenda ndi kufunafuna kumene kwachokera phokoso, ndipo popeza khosi lake lalimba, kumene maso afuna kuona mutu umapita komweko. Chimene sichinakhwime pa msinkhu umenewu ndi luso la ubongo losankha choti usamale ndi choti unyalanyaze, luso limene munthu wamkulu amaligwiritsa ntchito osazindikira n'komwe akamadya uku anthu akucheza pambali pake. Mwana sangathe kuchita ziwirizi nthawi imodzi, choncho akamva mawu atsopano amasiya kuyamwa kuti awamvetsere, ndipo sikuti wakana bere kapena wanyansidwa ndi mkaka.

Pa nthawi yomweyo pamachitika chinthu china chimene chimasokoneza amayi ambiri, chomwe ndi chakuti mwana wa miyezi 4 kapena 5 amakhala atadziwa kuyamwa mwachangu, moti mkaka umene ankautenga m'mphindi 30 ali wakhanda tsopano angautenge m'mphindi 5 kapena 10. Mayi akaona mwana akusiya bere msanga, komanso akaona kuti mawere ake sakulimbanso monga ankachitira m'masabata oyamba, amaganiza kuti mkaka wachepa, ndipo sipalephera kupezeka wachibale wonena kuti mwanayo sakukhuta, ayambe phala. Kawirikawiri zimenezi si zoona, chifukwa mawere amafewa thupi likazolowera kupanga mkaka wolingana ndi umene ukutuluka. Kucheukacheuka kumachepa mwana akamakula, ngakhale kuti kumabweranso pa miyezi 8 mpaka 10 pamene wayamba kukwawa ndi kuimirira, ndipo n'kosiyana ndi kukaniratu bere, kumene mwana amalira ndi kudzikoka akangoyandikizidwa pachifuwa. Kukana kotereku nthawi zambiri kumaloza ku ululu wa m'khutu, zilonda za m'kamwa kapena mphuno zotsekeka, ndipo kumafuna kuti mwana aonedwe kuchipatala ulendo usanayambe.

Kuti zimveke chifukwa chimene kumeza kulili kofunika chonchi, pafunika kufotokoza za mpweya wa m'ndege. Ndege zikuluzikulu zonyamula anthu zimauluka pa msinkhu wa mamita 10,000 mpaka 12,000 kuchokera pa nyanja yamchere, kumene mpweya ndi wochepa kwambiri moti munthu sangakhaleko ndi moyo kwa nthawi yaitali, choncho makina amapopera mpweya m'kati mwa ndege kuti ukhale wothinana mofanana ndi wa pa malo okwera mamita 1,800 mpaka 2,400, monga pamwamba pa mapiri a Nyika. Izi zikutanthauza kuti mphamvu imene mpweya umakankha nayo thupi imachepa ndege ikamakwera ndipo imawonjezeka ikamatsika, ndipo chiwalo chimene chimamva kusinthaku msanga ndi khutu. Kuseri kwa kanembanemba ka m'khutu, kamene kamanjenjemera phokoso likafika, kuli kampata kokhala ndi mpweya, ndipo kampatako kamalumikizana ndi kumbuyo kwa mphuno kudzera m'kanjira kopapatiza kamene madokotala amakatchula ndi dzina la Bartolomeo Eustachi, katswiri wa ku Italy amene anakafotokoza m'zaka za m'ma 1500. Kanjiraka kamakhala kotseka nthawi zambiri, ndipo kamatseguka kwa kamphindi munthu akameza kapena kuyasamula.

Ndege ikamakwera, mpweya wa m'kampata kaja umafufuma n'kudzikankhira wokha kunja, ndiye chifukwa chake kunyamuka sikuvutitsa kwambiri. Ikamatsika zinthu zimatembenuka: mpweya wakunja ndiwo umakankhira kanembanemba m'kati, ndipo popeza kanjira kaja sikalola mpweya kulowa pokhapokha katatsegulidwa ndi minofu yomezera, khutu limayamba kugontha, kenaka kupweteka. Botolo lamadzi lapulasitiki limene latsekedwa mwamphamvu ndege ili m'mwamba limapezeka litafinyika ndege ikatera, ndipo mphamvu imene yalifinya ndi yomweyo imene imakankha khutu la mwana. Mwa khanda kanjiraka n'kakafupi, pafupifupi theka la ka munthu wamkulu, n'kopapatiza ndiponso kogona chopingasa, moti kamatsekeka mosavuta ndi chimfine, ndipo khanda silingauzidwe kuti limeze malovu kapena kutafuna chingamu. Apa m'pamene bere limagwira ntchito yachiwiri kuwonjezera pa kudyetsa.

Mfundo imeneyi ili ndi mbali yotonthoza imene malangizo ambiri saitchula. Popeza chofunika ku khutu ndi kumeza, osati kuchuluka kwa mkaka wolowa m'mimba, ndiponso popeza ndege imatsika pang'onopang'ono kwa mphindi 20 mpaka 30, mwana amene akuyamwa katatu kapena kanayi, n'kusiya kuti aone nyali, n'kubwereranso patapita mphindi imodzi, akuchita ndendende chimene khutu lake likufuna, mwina kuposa mwana amene wayamwa mwakhama kwa mphindi 5 zoyambirira n'kugona tulo tofa nato kwa nthawi yonse yotsalayo, pakuti munthu wogona sameza kawirikawiri. Mayi sayenera kulimbana ndi mwana kuti amalize bere lonse pa nthawi yotsika. Ntchito yake ndi kumubwezera pa bere mobwerezabwereza, modekha, mpaka matayala atagunda pansi. Mwana akakaniratu, chala chosamba bwino cha mayi chimene angachiyamwe chimathandizanso kuti ameze malovu, ndipo wopitirira miyezi 6 angapatsidwe madzi abwino pang'onopang'ono m'kapu. Ngakhale kulira kumene kumatsegula kanjira kaja, motero mwana wolira potera sakuwonongeka, ngakhale kuti anthu oyandikana naye sangakondwere.

Kuchuluka kwa kusintha kwa mpweya kumadaliranso kumene ndege ikukatera. Bwalo la ndege la Bole ku Addis Ababa lili pa msinkhu woposa mamita 2,300, womwe ndi wofanana ndi umene mpweya wa m'ndege umakhala nawo kale, kotero kuti potera kumeneko makutu samva kusintha kwakukulu, la O. R. Tambo ku Johannesburg lili pa mamita pafupifupi 1,700, la Jomo Kenyatta ku Nairobi pa mamita pafupifupi 1,600, ndipo la Kamuzu ku Lilongwe pa mamita pafupifupi 1,200. Mabwalo a Heathrow ku London, Dubai ndi Dar es Salaam ali pafupi ndi msinkhu wa nyanja yamchere, ndipo kumeneko n'kumene khutu limakankhidwa kwambiri. Mayi wopita ku London kudzera ku Addis Ababa asadzinyenge ndi kutera koyamba kumene kwadutsa popanda kulira, pakuti kutera kwachiwiri n'kumene kumafuna kukonzekera.

Cholakwika chofala pa nkhani ya nthawi ndi kuyamba msanga. Anthu okhala ndi ana amalowetsedwa m'ndege poyambirira, ndipo kuchokera pamene mayi wakhala pampando kufika pamene ndege yadzuka pansi pangathe kupita theka la ola kapena kuposerapo, chifukwa anthu ena onse ayenera kulowa, zitseko zitsekedwe, ndipo ndegeyo iyende pansi kukaima pa mzere wodikira mpata wonyamuka. Mwana amene wapatsidwa bere atangolowa amakhala atakhuta ndege isananyamuke, ndipo nthawi yolowa anthuyo ndi imene ili ndi zocheukitsa zambiri kuposa ina iliyonse, pamene makabati a katundu akutsekulidwa ndi kumenyetsedwa ndipo nkhope zatsopano zikudutsa mosalekeza. Ndi bwino kumulola aone zonsezi mpaka chidwi chake chitachepa, n'kumuika pa bere ndege ikayamba kuthamanga. Komabe kuchedwetsa sikutanthauza kumusunga ndi njala mpaka alire, popeza mwana amene wafika polira mokuwa sagwira bere bwino ndipo amameza mpweya wambiri; akaonetsa njala pa bwalo la ndege ayamwe pomwepo, pamalo pabata pamene pangapezeke. Za kutsika, chilengezo cha woyendetsa ndege nthawi zina chimabwera ndege itayamba kale kutsika, choncho chizindikiro chodalirika ndi makutu a mayi mwiniwake, kapena kupempha wogwira ntchito m'ndege kuti adzamudziwitse nthawiyo ikayandikira.

Mpando umene mayi wasankha umachepetsa kapena kuchulukitsa ntchito yake. Wa kuwindo uli ndi khoma mbali imodzi, ndipo mwana akagonekedwa moti nkhope yake yayang'ana pachifuwa cha mayi, msana wake uli kwa anthu, zoona zake zimachepa kwambiri. Kuwonjezera apo mutu ndi miyendo yake zimakhala kutali ndi kanjira ka pakati kamene ngolo ya zakudya ndi anthu opita kuchimbudzi amadutsamo. Mipando ya kutsogolo kwa chigawo, imene ili ndi khoma lokolekapo kabedi ka mwana pa maulendo ataliatali, imapumitsa mikono ya mayi, koma kawirikawiri ili pafupi ndi khitchini ndi zimbudzi, kumene kuli kuwala, kugobedeza kwa ziwiya ndi anthu oima pa mzere, motero kwa mwana wocheukacheuka phindu lake limabwera ndi mtengo wake. Kanema wa kumbuyo kwa mpando azimitsidwe pa nthawi yoyamwitsa, foni ibisidwe, ndipo ngati bambo wa mwanayo kapena wachibale ali nawo pa ulendo, akhale pampando wapakati kuti atchinge, ndiponso aleke kumuseweretsa mwana akakhala pa bere, chifukwa mawu odziwika amacheukitsa kuposa achilendo. Mlendo wokoma mtima amene akumugwedezera mwana dzanja angauzidwe mwaulemu kuti, "Pepani bambo, aloleni ayambe ayamwa, mucheza nawo akamaliza," ndipo anthu ambiri amamva popanda kukhumudwa.

Chitenje, chimene mayi wa ku Malawi sayenda osanyamula, chingathandize kapena kusokoneza malinga ndi mmene chagwiritsidwira ntchito. Mwana amene sanazolowere kufunditsidwa akamayamwa amasandutsa nsaluyo choseweretsa kapena mdani, n'kuyamba kuikoka, kuimenya ndi miyendo ndi kusuzumira kunja, moti chimene chinayenera kuchotsa zocheukitsa chimakhala chocheukitsa chachikulu. Chimagwira bwino ntchito chikakolekedwa paphewa la mayi n'kulendewera kumbali ngati katani yotchinga kumene kuli anthu, m'malo mophimba mutu wonse, ndipo mulimonse mmene chaikidwira mayi ayenera kuona nkhope ndi mphuno za mwanayo nthawi zonse, popeza pansi pa nsalu yothinana mumatentha ndipo mpweya suyenda bwino. Mayi wofuna kugwiritsa ntchito njirayi aiyese pakhomo kwa masiku angapo ulendo usanafike, pa mpando wopanda malo otambasulira zigongono, kuti pa tsiku la ulendo pakhale chinthu chimodzi chimene mwana akuchidziwa kale. Manja a mwana nawonso amafuna chochita, ndipo akagwira chala cha mayi, m'mphepete mwa chitenje kapena mkanda umene mayi wavala, maso ake amakhala pomwepo. Mkandawo uyenera kukhala wa chingwe cholimba, pakuti ukaduka timikanda tingamutsamwe.

Njira yamphamvu kuposa zonsezi ndi kuyamwitsa mwana akamasinza kapena akangoyamba kudzuka, pamene ubongo wake sunayambe kufunafuna za kunja ndipo amayamwa mwachizolowezi chobadwa nacho. Pa mfundo iyi ndege imathandiza mosayembekezeka, chifukwa phokoso la injini, ngakhale ndi lalikulu, silisintha, ndipo phokoso losasintha limakwirira mawu ena n'kugoneka ana ambiri. Chimene chimadzidzimutsa mwana ndi mawu odukiza, monga chilengezo cha pa zokuzira mawu kapena kuseka kwa munthu wapafupi. Pa maulendo a usiku nyali zimazimitsidwa chakudya chikatha, ndipo maola amenewo ndi amene mwana amene wadya modumphadumpha tsiku lonse amabweza zimene anasiya. Ana ena amayamwa bwino akamagwedezeka, ndipo chizindikiro cha malamba chikazima mayi angathe kuimirira kumbuyo kwa ndege n'kumayamwitsa uku akudzigwedeza pang'ono, dzanja limodzi lili pafupi ndi pogwira.

Pali vuto lina laling'ono koma lopweteka limene mayi aliyense wa mwana wotere amalidziwa. Ngolo ya zakudya ikafika pa mzere wawo, mwana amatembenuza mutu mwadzidzidzi asanatsegule kukamwa, n'kukoka nsonga ya bere mpaka itatanuka, kenaka n'kuisiya, ndipo ngati mkaka unali utayamba kutsika umathovokera pa malaya, pa nkhope ya mwanayo, mwinanso pa mkono wa munthu wapambali. Mankhwala ake ndi kukhala tcheru: chala chaching'ono cha mayi chikhale pafupi ndi ngodya ya pakamwa pa mwana, ndipo maso ake akangoyamba kuthawa, chalacho chilowetsedwe pakati pa nkhama kuti asiye bere asanatembenuke. Mwana agwiridwe pakhosi ndi pamapewa, thupi lake litagundana ndi la mayi, koma asakankhidwe kunkhongo, chifukwa mwana wokankhidwa mutu amabweza mwamphamvu n'kuyamba kudana ndi bere. Kansalu koyera kakhale pamiyendo kuti kapsinjidwe pa bere mkaka ukathovoka, ndipo malaya ena a mayi akhale m'chikwama cha m'manja limodzi ndi a mwana.

Malamulo a chitetezo saletsa kuyamwitsa pa nthawi iliyonse ya ulendo, koma amaika malire pa kagwiridwe. Mwana wosakwana zaka 2 amaloledwa kukhala pamiyendo ya munthu wamkulu, ndipo makampani ambiri a ndege a ku Africa ndi ku Ulaya amapereka kalamba kakang'ono kamene kamakolekedwa ku lamba wa mayi, pamene a ku America sapereka kalamba kotere. Kalambako kakamangidwa m'chiuno mwa mwana, iye angathebe kugonekedwa chopingasa n'kuyamwa. Ponyamuka ndi potera mwana saloledwa kukhala wobereka kumbuyo kapena womangidwa pachifuwa ndi nsalu, choncho chitenje chimasulidwe. Tiyi ndi khofi wotentha asalandiridwe mwana ali pamiyendo, popeza ndege ingagwedezeke popanda chenjezo ndipo mwana wa msinkhu umenewu amagwira chilichonse chimene waona. Makampani ambiri salola khanda losakwana sabata imodzi kukwera ndege popanda kalata ya dokotala, ndipo mwana wobadwa masiku osakwana, kapena amene ali ndi vuto la mtima, la mapapo kapena matenda a m'khutu, ayenera kuonedwa ndi dokotala tikiti isanagulidwe.

Mbali ya mayi imaiwalika kawirikawiri, chonsecho theka la vutoli lili kwa iye. Mkaka umatsika chifukwa cha oxytocin, imodzi mwa mahomoni, omwe ndi timadzi totumiza uthenga m'thupi kudzera m'magazi. Homoni imeneyi imafinya timatumba ta mkaka m'bere mwana akayamba kuyamwa, ndipo mantha, manyazi ndi kutopa zimachedwetsa ntchito yake. Mwana wocheukacheuka sadikira, moti mkaka ukachedwa kwa mphindi imodzi iye wapeza kale choyang'ana, ndipo mayi akaona zimenezi amada nkhawa kwambiri, mkakawo n'kuchedwerachedwera. Kupuma mozama, kutsitsa mapewa, kusisita bere ndi kufinya madontho angapo mwana asanaikidwepo kumathandiza kuti apeze mkaka uli pafupi. Pa nkhani ya manyazi, mayi wa ku Malawi ali ndi mwayi umene anzake a m'mayiko ena alibe, pakuti anakulira kumene kuyamwitsa m'minibasi, m'tchalitchi, pamsika ndi pamaliro si nkhani n'komwe, ndipo palibe chifukwa choti ausiye mtima umenewu pa chipata cha bwalo la ndege poganiza kuti kunja n'kosaloledwa. Ku Britain lamulo la 2010 loona za kusasankhana limaletsa ochita malonda kuchitira mayi tsankho chifukwa choyamwitsa, ku Scotland lamulo la 2005 limaika mlandu pa munthu woletsa mwana wosakwana zaka 2 kuyamwa pamalo a anthu onse, ndipo ku America zigawo zonse 50 zinali zitavomereza kuyamwitsa poyera pofika 2018, chaka chimenenso lamulo linalamula mabwalo a ndege akuluakulu kukhala ndi zipinda zoyamwitsira. Chimbudzi cha m'ndege si malo odyetsera mwana, ndipo mayi sayenera kudzithamangitsira kumeneko.

Mpweya wa m'ndege ndi wouma, chinyontho chake chimakhala pa magawo 10 mpaka 20 pa 100 alionse, ndipo mayi woyamwitsa amamva ludzu msanga. Amwe madzi a m'botolo nthawi iliyonse imene wamva ludzu, achepetse khofi, ndipo mowa umene umaperekedwa ulere pa maulendo ena aupewe, chifukwa umalowa mu mkaka ndiponso umabweretsa tulo kwa munthu amene wanyamula khanda. Mwana wosakwana miyezi 6 safuna madzi ngakhale m'mpweya wouma chonchi, popeza magawo pafupifupi 87 pa 100 alionse a mkaka wa m'mawere ndi madzi, ndipo kuyamwa pafupipafupi kwa mphindi zochepa n'kumene kumathetsa ludzu lake.

Pa ulendo wautali, mwana akamayamwa pang'onopang'ono, mawere amadzaza n'kuuma, ndipo bere louma limavuta kugwira, moti mwana amene anali kale ndi chidwi chochepa amalisiya msanga. Luso lofinya mkaka ndi manja, limene anamwino ndi azamba amaphunzitsa ndipo silifuna magetsi kapena makina, ndilo limapulumutsa pamenepa: chala chachikulu pamwamba ndi cholozera pansi, kumalire kwa mbali yakuda ya bere, kukankhira chakuchifuwa n'kupsinja mobwereza, mpaka bere litafewa mokwanira kuti mwana aligwire. Bere limene lasiyidwa lodzaza kwa maola ambiri lingatupe, kufiira ndi kubweretsa kutentha thupi ndi kuphwanya m'thupi, ndipo zikatero mayi apitirize kuyamwitsa ndi kukaonana ndi dokotala akangofika. Mkaka wofinyidwa ungaperekedwe m'kapu yaing'ono yoyera, ndipo malinga ndi bungwe la ku America loona za kupewa matenda la CDC, umakhala wabwino kwa maola 4 pamalo osatentha kupitirira madigiri 25, kwa maola 24 m'chikwama chozizira chokhala ndi madzi oundana, ndi kwa masiku 4 m'firiji. Lamulo loletsa kulowa m'ndege ndi zamadzimadzi zopitirira mamililita 100, limene linayamba mu 2006, limapatula mkaka ndi zakudya za makanda. Ku Britain mkaka wa m'mawere umaloledwa m'zotengera zosapitirira malita 2 chilichonse ngakhale mwana palibe, bola usakhale woundana, koma popeza bwalo lililonse lili ndi kafufuzidwe kake, mayi afunsiretu za mabwalo onse amene adutsepo ndipo autulutse mkakawo poyera pofika pa malo ofufuzira katundu.

Njira zachidule zimene anthu amalangizana n'zimene ziyenera kuopedwa kwambiri. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, kuyambira 2001, limalimbikitsa kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6, kutanthauza bere lokha popanda madzi, phala kapena mkaka wina, kenaka kupitiriza kuyamwitsa limodzi ndi zakudya zina mpaka zaka 2 kapena kuposerapo, ndipo tsiku limodzi la ulendo si chifukwa chokwanira chothyolera dongosololi. Mkaka wa m'chitini woyambitsidwa m'ndege uli ndi chiopsezo chake, popeza ufawo umafuna madzi owiritsidwa amene akadali otentha madigiri osachepera 70, pamene madzi a pampopi a m'ndege amachokera m'thanki ndipo si oyenera khanda. Kwa mayi amene ali ndi HIV nkhaniyi ndi yaikulu koposa, chifukwa kusakaniza bere ndi zakudya zina m'miyezi yoyambirira kumawonjezera mpata woti kachilombo kalowe mwa mwana. Kuyambira 2011, pamene Malawi anakhala dziko loyamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa amayi onse oyembekezera ndi oyamwitsa amene ali ndi kachilomboka, chitetezo cha mwana chimadalira kuti mayi asadumphe mankhwala, motero mankhwala ake ndi a mwana akhale m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi imene ingatsalire pa bwalo lina. Choopsa kuposa zonse ndi kumwetsa mwana mankhwala a chimfine kapena a ziwengo kuti agone: promethazine, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Phenergan, ndi oletsedwa kwa ana osakwana zaka 2 chifukwa angachepetse kupuma mpaka kupha, ndipo ena a mtundu womwewo, monga Piriton, nthawi zina amachititsa mwana kusakhazikika m'malo momugoneka, ndipo mwana wogonekedwa ndi mankhwala sayamwa ndiponso sameza pa nthawi imene khutu lake likufuna.

Kuyamwa kwa mwana kumayesedwa pa maola 24, ndipo ulendo wa pandege ndi gawo chabe la maola amenewo. Mwana amene wadya modumphadumpha masana onse amadzuka kawirikawiri usiku wotsatira kuti abweze, ndipo mayi ayembekezere zimenezi kwa usiku umodzi kapena uwiri, makamaka ngati kumene wafika nthawi ndi yosiyana ndi ya kwawo. Matewera onyowa 6 kapena kuposerapo pa tsiku, mkodzo wosada, m'kamwa monyowa ndi mwana wogalamuka ndi umboni wakuti mkaka ukukwanira. Koma mwana amene wakana bere kangapo motsatizana ngakhale m'chipinda chabata, amene mkodzo wake wachepa n'kuda, liwombo lalowa, wafooka, akutuluka mafinya kapena magazi m'khutu, kapena watentha thupi kufika madigiri 38 asanakwane miyezi 3, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo buku lake la kusikelo likhale m'manja mwa mayi.